Sukulu ya ana anga yaikidwa pa mndandanda wa zotsalira: kodi chimakweza sukulu n'chiyani?

Bambo Mbewe (Indiana)

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi funso lofuna thandizo la aphunzitsi amene muli pagulu lino, makamaka inu amene mukuphunzitsa kuno ku America ndi ku England. Sukulu ya boma ya pulayimale imene ana anga amaphunzirako yaikidwa pa mndandanda wa sukulu zotsalira kwambiri m'chigawo chathu, potengera zotsatira za mayeso amene ana onse amalemba chaka ndi chaka kuyambira giredi 3. Malinga ndi lamulo la Every Student Succeeds Act, limene pulezidenti Barack Obama anasainira mu Disembala 2015, chigawo chilichonse chimayenera kutchula sukulu 5 pa 100 zilizonse zimene zili pansi penipeni mwa zija zolandira ndalama zothandizira ana a mabanja osauka, ndipo sukulu zotchulidwazo zimayenera kulemba ndondomeko ya momwe zidzikonzere.

Ine ndili m'komiti ya makolo, ndipo tapemphedwa kupereka maganizo athu pa ndondomekoyo. Zimene akuluakulu a sukulu abweretsa ndi zoti nthawi ya sayansi, zojambula ndi masewera ichepetsedwe, ndipo m'malo mwake ana azithera mphindi 45 tsiku lililonse poyeserera mafunso ofanana ndi a pamayeso. Mtima wanga ukukana, koma sindikufuna kukatsutsa chimanjamanja, ndilibe chonena choti tichite m'malo mwake. Kodi sukulu zimene zinakweradi pansi pa malamulo a mayesowa zinachita chiyani?

Mayi Nachisale (Georgia)

Zikomo a Mbewe pobweretsa nkhaniyi. Ine ndimaphunzitsa masamu ku giredi 7, ndipo ndikuuzeni kuti njira imene akufuna kutengayo ndi yakale m'dziko muno. Inafala lamulo la No Child Left Behind litangoyamba kugwira ntchito. Lamulo limenelo analisainira pulezidenti George W. Bush mu Januwale 2002, ndipo linalamula kuti ana onse a giredi 3 mpaka 8 azilemba mayeso a kuwerenga ndi masamu chaka chilichonse, komanso kamodzi ku sekondale. Linanenanso kuti pofika 2014 mwana aliyense akhale atafika pa mlingo woyenera, popanda wotsala ngakhale mmodzi. Sukulu ikalephera kufika pa chiwerengero chimene yapatsidwa kwa zaka ziwiri zotsatizana, makolo ankaloledwa kusamutsira ana awo kwina, ndipo ikapitirizabe kulephera mapeto ake kunali kuchotsa aphunzitsi kapena kupereka sukuluyo m'manja mwa ena. Pofika 2011 pafupifupi theka la sukulu zonse za boma zinali zitalembedwa kuti zalephera, ndipo boma lalikulu la America linayamba kumasula zigawo ku mbali zina za lamuloli chifukwa zinaonekeratu kuti cholinga cha 2014 sichidzatheka.

Za kuchepetsa maphunziro ena, bungwe la Center on Education Policy linapeza mu 2007 kuti maofesi a zamaphunziro 44 pa 100 aliwonse anali atadula nthawi ya sayansi, mbiri yakale, nyimbo, zojambula kapena masewera m'sukulu za pulayimale. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri ine ndi momwe tinkagawira ana. Pa msonkhano wa aphunzitsi tinkapatsidwa pepala la maina lopakidwa mitundu itatu. Obiriwira anali ana oti akhoza ngakhale utawasiya okha, ofiira anali otsalira kutali, ndipo achikasu anali amene atsala ndi malikisi ochepa kuti adutse mzere. Tinkauzidwa kuti mphamvu zonse zipite kwa achikasuwo, popeza ndi okhawo amene akanasintha chiwerengero cha sukulu chaka chimenecho. Mwana wofiira, amene ndiye ankafuna mphunzitsi kuposa onse, ankakhala kumbuyo ndi pepala loti azidzaza yekha, kwinaku akuona anzake akuitanidwa kutsogolo tsiku ndi tsiku. Ana si opusa. Ankadziwa bwino lomwe chifukwa chake sakuitanidwa.

Ndipo kuno ku Georgia tinaona kumene mantha amenewa amathera. Nyuzipepala ya Atlanta Journal-Constitution itayamba kukayikira kukwera kodabwitsa kwa zotsatira za sukulu za ku Atlanta, anthu anaunika mapepala a mayeso a 2009 n'kupeza kuti mayankho olakwika ankafufutidwa n'kulembapo olondola mochuluka kwambiri moti sizikanatheka kuti ndi ana okha ankachita zimenezo. Lipoti la ofufuza a chigawo la mu Julayi 2011 linatchula aphunzitsi ndi aphunzitsi aakulu 178 m'sukulu 44. Mkulu wa zamaphunziro mumzindawo, Beverly Hall, amene mu 2009 anapatsidwa mphoto ya dziko lonse chifukwa cha zotsatira zomwezo, anaimbidwa mlandu mu 2013 koma anamwalira mu 2015 mlandu wake usanaweruzidwe, ndipo mu Epulo chaka chomwecho anthu 11 anapezeka olakwa. Oluza enieni anali ana, chifukwa mwana wosatha kuwerenga akalembedwa kuti wakhoza, salandiranso thandizo limene akanalandira.

Bambo Gondwe (Maryland)

Mayi Nachisale, zonse mwanenazi ndi zoona, ndipo sindikutsutsapo chilichonse. Koma ndikuopa kuti a Mbewe angachoke pano akuganiza kuti mdani wawo ndi mayeso, pamene popanda mayesowo sakanadziwa n'komwe kuti sukulu ya ana awo ili pamavuto. Tisaiwale momwe zinthu zinalili 2002 isanafike. Sukulu inkatha kuoneka yabwino chifukwa cha zotsatira za ana onse pamodzi, pamene ana achikuda, ana a mabanja osauka, ana olumala ndi ana amene Chingerezi si chinenero cha kwawo akumira mwakachetechete. Lamulo lija linakakamiza sukulu kuonetsa zotsatira za gulu lililonse palokha, ndipo n'chifukwa chake mu 2015, pamene makolo ambiri ankakana kuti ana awo alembe mayeso, mabungwe angapo omenyera ufulu wa anthu anaumirira kuti mayeso a chaka ndi chaka asachotsedwe. Ana athu ife obwera m'dziko muno ali m'magulu omwewo.

Chachiwiri, si zoona kuti palibe chimene chinapindulika. Pali mayeso ena otchedwa NAEP amene amalembetsedwa kwa ana osankhidwa mwachisawawa m'zigawo zonse, ndipo popeza zotsatira zake sizilanga sukulu iliyonse, palibe amene amawabera kapena kuwayeserera. Akatswiri awiri, Thomas Dee ndi Brian Jacob, anagwiritsa ntchito zotsatira za NAEP poyerekeza zigawo zimene zinali kale ndi malamulo otere ndi zimene zinalibe, ndipo anapeza kuti lamuloli linakwezadi masamu a giredi 4. Pa kuwerenga sanapeze kusintha kooneka. Kwa ine zimenezi zikutanthauza kuti kukakamiza kumagwira ntchito pamene aphunzitsi akudziwa kale choti achite koma sakuchichita mokwanira, ndipo kumalephera pamene sakudziwa. Funso la a Mbewe liyenera kuyankhidwa kuchokera pamenepo.

Mayi Nachisale (Georgia)

Pa mfundo yomalizayo tagwirizana, a Gondwe. Ine sindinanene kuti mayeso achoke. Ndikungoti chiwerengero chimodzi chikasenza ntchito za anthu, malipiro awo ndi dzina la sukulu, anthu amayamba kusamala chiwerengerocho kuposa ana. Katswiri wina, Donald Campbell, analemba za khalidwe limeneli kale m'zaka za m'ma 1970, lamuloli lisanaganiziridwe n'komwe.

Mayi Nabanda (Lilongwe)

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ngakhale kwathu kuno kulibe lamulo lotseka sukulu chifukwa cha zotsatira, zambiri mwanenazi ndikuzizindikira. Ndinagwirapo ntchito ya ulangizi wa sukulu za pulayimale ndisanapume. Zotsatira za PSLCE zikatuluka ku MANEB, funso limene mphunzitsi wamkulu amafunsidwa ndi makolo, mafumu ndi akuofesi ndi lakuti ana angati asankhidwa kupita ku sekondale, makamaka ku sukulu zogonera komweko. Chifukwa cha funso limenelo, aphunzitsi odalirika onse amaikidwa ku Sitandade 8, ana a kalasiyo amafika mbandakucha ndi kuweruka madzulo, amaphunzira ndi patchuthi pomwe, ndipo ntchito yaikulu imakhala kuloweza mayankho a mapepala akale. Nthawi yomweyo Sitandade 1, kumene mwana amayenera kuphunzira maliwu ndi maphatikizo, imasiyidwa ndi mphunzitsi mmodzi pakati pa ana oposa 100, ena ali panja pansi pa mtengo. Ndinkati ndikafika pasukulu yotere n'kutenga buku la Sitandade 2 n'kupatsa mwana wa Sitandade 4, ndinkapeza kuti akuloza chala pa mawu ena pamene pakamwa akutchula ena, chifukwa analoweza tsambalo ndi makutu.

Ine ndimaona mayeso ngati sikelo ya ana kuchipatala. Mayi akapita ndi mwana kusikelo n'kupezeka kuti wapepuka, kumuyezanso mawa sikumunenepetsa, ndiponso kukalipira mayiyo sikumunenepetsa. Chimene chimamubweza ndi chiponde, phala ndi uphungu wa kadyetsedwe. Komabe sikeloyo njofunika, pakuti popanda iyo mwanayo akanazindikirika atatupa kale. Choncho a Mbewe, funsani akuluakulu a sukulu yanu kuti chakudya chili kuti m'ndondomeko yawoyo, chifukwa kuyeserera mayeso mphindi 45 patsiku ndi kubwezera mwana pasikelo basi.

Kusiyana kumene ndikuona n'kwakuti kwathu chilango cha mayeso chimagwera mwana mwini, amene amasowa malo ku sekondale, pamene kwanuko chimagwera sukulu. N'chifukwa chake kuno kubera kumabwera ngati likasa, monga mu Novembala 2020 pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa mapepala atatuluka n'kudzalembedwanso mu Januwale 2021, pomwe ku Atlanta anali aphunzitsi amene ankafufuta mayankho.

Bambo Chirwa (Manchester)

Ndipereke mbali ya ku England, chifukwa ife tinayamba kusindikiza mndandanda wa zotsatira za sukulu mu 1992, America isanakhale ndi lamulo lija. Kwa zaka zambiri sukulu ya sekondale inkayezedwa ndi chiwerengero cha ana amene apeza giredi C kapena kuposapo m'maphunziro asanu pa mayeso a GCSE, amene amalembedwa chakumapeto kwa sekondale, ndipo zotsatira zake zinali zofanana ndendende ndi pepala la mitundu itatu la Mayi Nachisale: aliyense ankathamangira ana a pamalire a C ndi D. Mu 2016 boma linasintha n'kubweretsa muyeso wotchedwa Progress 8, umene umayang'ana mtunda umene mwana aliyense wayenda kuchokera pamene anamaliza pulayimale, m'maphunziro asanu ndi atatu. Pa muyeso umenewu mwana wotsalira akakwera pang'ono sukulu imapindula, ndipo mwana wanzeru akagona sukulu imataya. Ndinaona ndi maso anga misonkhano ya aphunzitsi ikusintha, maina amene kale sankatchulidwa akuyamba kumveka. Sikuti vuto linatheratu, pakuti sukulu zina zinayamba kukakamiza makolo a ana ovuta kuti awachotse mayeso asanafike, ndipo a Ofsted, amene amayendera sukulu, anayamba kulondoloza khalidwe limenelo. Koma a Mbewe, funsani ngati chigawo chanu chimaonetsa kukula kwa mwana aliyense padera ndi chiwerengero cha okhoza. Sukulu imene imalandira ana otsalira kale ikhoza kukhala ikuphunzitsa bwino ngakhale okhoza ali ochepa, ndipo sukulu ya m'dera la olemera ikhoza kumangodya za makolo.

Pa funso lanu lenileni, chitsanzo chimene timachitchula kuno ndi London Challenge, ntchito imene inayamba mu 2003 motsogozedwa ndi katswiri wa zamaphunziro Tim Brighouse n'kutha mu 2011. Sukulu za sekondale za m'kati mwa London zinali ndi mbiri yoipa kwambiri, koma patapita zaka zinayamba kuposa madera ena onse, makamaka pa ana a mabanja osauka. Zotsatira za mayeso zinkagwiritsidwa ntchito kwambiri, koma osati pochititsa manyazi. Sukulu zinkaikidwa m'magulu ndi zinzake zokhala ndi ana ofanana, kuti mphunzitsi wamkulu asanamizire umphawi wa dera pamene mnzake wa dera losauka chimodzimodzi akuchita bwino, ndipo aphunzitsi aakulu odziwa ntchito ankatumizidwa kukagwira limodzi ndi amene akuvutika. Kunena chilungamo, akatswiri ena amati gawo lalikulu la kukweraku linachokera ku kuchuluka kwa ana a anthu obwera, amene makolo awo amalimbikira sukulu, ndipo ena amati maziko anamangidwa kale ku pulayimale. Ine ndimakhulupirira kuti zonsezi zinathandizana.

Za kuchititsa manyazi, tinaphunzira mowawa. Mphunzitsi wamkulu wina wa pulayimale m'tauni ya Reading anadzipha mu Januwale 2023 sukulu yake itatsitsidwa ndi oyendera, ndipo mu Seputembala 2024 boma linasiya kupereka chigamulo chimodzi chomangira sukulu yonse.

Chisomo (Lilongwe)

Akuluakulu, ine ndine wamng'ono, ndikadali ku koleji ya uphunzitsi, koma ndifunse nawo. Ndamva kuti chigawo cha Mississippi, chimene ndi chimodzi mwa zosauka kwambiri ku America, chinakwera kwambiri pa kuwerenga. Kodi chinachita chiyani, ndipo kodi kukwerako n'kwenikweni kapena ndi nkhani ina ya Atlanta?

Bambo Gondwe (Maryland)

Funso labwino, Chisomo, ndipo likuyankhanso a Mbewe. Kukwera kwa Mississippi kukuoneka pa mayeso a NAEP aja, amene chigawo sichiwalamulira, choncho si nkhani yofufuta mayankho. Pa kuwerenga kwa giredi 4 chigawochi chinali pa nambala 49 mu 2013, chinafika pa 29 mu 2019, ndipo mu 2024 chinali pa nambala 9. Chiyambi chake ndi lamulo la 2013 lotchedwa Literacy-Based Promotion Act, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo ndi Carey Wright, mkulu wa zamaphunziro wa chigawocho kuyambira 2013 mpaka 2022.

Zimene anachita n'zosadabwitsa. Anaphunzitsanso aphunzitsi a makalasi oyambirira njira yophunzitsira kuwerenga mwadongosolo, kuyambira pa maliwu a malembo, kuphatikiza, kuwerenga mosadodoma mpaka kumvetsa nkhani. Analemba alangizi a kuwerenga n'kuwatumiza ku sukulu zotsalira kwambiri, osati kukachititsa msonkhano wa tsiku limodzi n'kuchoka, koma kukalowa m'kalasi sabata ndi sabata, kuonetsa phunziro, kuonerera mphunzitsi akuyesa, kenako n'kukambirana naye. Ana amayezedwa kangapo pachaka kuyambira kalasi yoyamba ndi mayeso aafupi oti apeze amene akutsalira, ndipo makolo amadziwitsidwa msanga. Pomaliza, mwana amene walephera mayeso a kuwerenga kumapeto kwa giredi 3, atapatsidwanso mwayi wolembanso, amabwereza kalasiyo pokhapokha ngati pali chifukwa chovomerezeka. Taonani kuti mayeso alipo, ndipo ali ndi mano, koma aphunzitsi anayamba apatsidwa luso asanafunsidwe zotsatira.

Mayi Nachisale (Georgia)

Ndikuvomereza za alangizi ndi maphunziro a aphunzitsi ndi mtima wonse, koma za kubwereza kalasi ndili ndi chikayiko. Mukasunga ana ofooka ku giredi 3, amene afika ku giredi 4 n'kukalemba NAEP amakhala osefedwa, ndipo obwerezawo akafika amakhala atakula ndi chaka. Sindikunena kuti kukwera konse kwachokera pamenepo, koma n'zoonanso kuti ku giredi 8 kukwerako n'kochepa poyerekeza ndi ku giredi 4. Chimene ndikuopa n'chakuti zigawo zina zikutengera mbali yotsika mtengo, yomwe ndi kubwerezetsa ana, n'kusiya mbali yodula, yomwe ndi kulemba alangizi ndi kuwasunga zaka zambiri.

Mayi Nabanda (Lilongwe)

Mayi Nachisale anena zimene zinali kukhosi kwanga. Kwathu kuno ana ambiri amabwereza makalasi oyambirira, koma amabwerera kwa mphunzitsi yemweyo, buku lomwelo ndi khamu lomwelo, ndipo ambiri mapeto ake amangosiya sukulu, makamaka atsikana akayamba kukula ali m'makalasi a ana. Kubwereza kopanda chinthu chatsopano sikuphunzitsa. Ndipo Chisomo, mwana wanga, njira ya maliwu ndi maphatikizo imene a Gondwe afotokoza si yachilendo kwa iwe. Ndi imene ili mu National Reading Programme imene inayamba kuno mu 2016. Kusiyana kuli pa mlangizi. Amene ali ndi sukulu zochepa amatha kubwerera m'kalasi imodzi kangapo mwezi usanathe, pamene wa kwathu ali ndi zoni yonse ndi njinga yamoto yopanda mafuta.

Bambo Mbewe (Indiana)

Ndathokoza kwambiri nonse. Ndabwereranso ku mapepala amene tinapatsidwa ndi maso amene mwandipatsa, ndipo ndaona zinthu ziwiri zimene pamsonkhano sizinakambidwe. Choyamba n'chakuti ana ambiri amajomba kwambiri, ndipo chachiwiri n'chakuti aphunzitsi a makalasi oyambirira amasinthasintha, moti mwana wanga wamng'ono anathera miyezi ingapo m'manja mwa aphunzitsi ongogwirizira. Pa muyeso wa kukula umene a Chirwa anena, sukuluyi ili bwinoko pa masamu koma ili pansi pa kuwerenga. Kodi zimenezi ndingazipereke bwanji kuti zimveke? Ndipo ndikawauza chiyani akanena kuti sayansi ndi zojambula sizili pa muyeso umene watigwetsa?

Mayi Nachisale (Georgia)

Yambani ndi kujomba, a Mbewe, chifukwa mwana amene palibe simungamuphunzitse ndi njira iliyonse. Kuno mwana amawerengedwa kuti ndi wojomba kwambiri akaphonya gawo limodzi mwa magawo khumi a masiku a sukulu, kutanthauza masiku pafupifupi 18 pa 180, ngakhale atakhala ndi chifukwa. Masiku awiri okha pamwezi akukwana, ndipo makolo ambiri sazindikira. M'dziko lonse chiwerengerochi chinali pafupifupi 15 pa 100 mliri wa Covid-19 usanabwere, ndipo chinafika pafupifupi 28 pa 100 mu 2022. Zigawo zambiri zinasankha kujomba kukhala umodzi mwa miyeso ya sukulu pansi pa lamulo la 2015, choncho n'kutheka kuti kukonza zimenezi kukwezanso malo a sukulu yanu pa mndandandawo. Apa ndi pamene komiti ya makolo ili ndi mphamvu kuposa ofesi. Kalata yoopseza sithandiza mayi amene amagwira ntchito usiku ndipo amafika kunyumba basi ya sukulu itadutsa kale; chimene chimathandiza ndi munthu womuimbira foni m'chinenero chake, kumva vuto lake n'kupeza mnansi woti azinyamula mwanayo.

Pa funso la sayansi, yankho lilipo ndipo ndi lamphamvu. Mayeso a kuwerenga samangoyesa kutchula mawu. Amapereka ndime yokamba za mapiri ophulika, za njuchi kapena za nkhondo yakale, ndipo mwana amene amadziwako kanthu za mutuwo amaimvetsa msanga. Mu 1988 akatswiri awiri, Donna Recht ndi Lauren Leslie, anapatsa ana ndime yofotokoza masewera a baseball, ndipo anapeza kuti ana ofooka pa kuwerenga koma odziwa masewerawo anaimvetsa bwino kuposa ana owerenga bwino koma osawadziwa. Choncho sukulu ikachotsa sayansi ndi mbiri yakale kuti ikweze kuwerenga, imachotsa chinthu chimene kumvetsa kumadalira, ndipo amene amavulala kwambiri ndi ana amene kunyumba kwawo kulibe mabuku. Kuphunzitsa ana kaonekedwe ka mayeso, momwe angagwiritsire ntchito kompyuta ndi kusunga nthawi, n'koyenera, koma ndi ntchito ya masiku ochepa, osati ya chaka chonse.

Musapite kukangokana mphindi 45 zija. Pemphani kuti zikhalepo, koma zisandulike nthawi yothandiza ana m'timagulu ting'onoting'ono. Ku Chicago, kuyambira 2013, anayesa njira yoti wothandizira mmodzi akhale ndi ophunzira awiri okha tsiku lililonse pa masamu, mkati mwa nthawi ya sukulu, ndipo ofufuza a University of Chicago anapeza kuti ophunzirawo anakwera kwambiri poyerekeza ndi anzawo amene sanasankhidwe pa maere. Sukulu zimene zili pa mndandanda ngati wanuwo zikhoza kupempha ndalama zapadera zodzikonzera, choncho funsani poyera kuti ndalamazo ndi zingati ndipo zikupita kuti. Kawirikawiri zimathera pa mapulogalamu a pakompyuta ogulidwa ku makampani, amene ana amangodinadina mphunzitsi ali pakona.

Bambo Gondwe (Maryland)

Ndiwonjezere pa nkhani ya aphunzitsi osinthasintha, chifukwa ndondomeko iliyonse imafa ngati amene mwawaphunzitsa chaka chino achoka chaka chamawa. Chenjerani ngati wina angabweretse maganizo oti aphunzitsi aziyezedwa mmodzimmodzi ndi malikisi a ana awo. Njira imeneyo inafala pambuyo pa mpikisano wa Race to the Top wa 2009, pamene boma linaika ndalama zoposa madola 4 biliyoni kuti zigawo zizilimbirana, koma mu 2014 bungwe la American Statistical Association linachenjeza kuti kafukufuku wambiri amaonetsa kuti gawo la mphunzitsi ndi lapakati pa 1 ndi 14 pa 100 pokha pa zimene zimachititsa kusiyana kwa malikisi a ana. Mphunzitsi yemweyo akhoza kuoneka katswiri chaka chino n'kuoneka wolephera chaka chotsatira chifukwa cha kalasi imene wapatsidwa. Pa sukulu yovutika kale, muyeso wotere umathamangitsa amene ali ndi kwina kopita, amene nthawi zambiri ndi abwinowo. Apa ndiye malire a chikhulupiriro changa pa mayeso: ayeze sukulu ndi chigawo, koma asakhale chikwapu pamsana pa munthu mmodzi.

Pemphani kuti aphunzitsi odziwa ntchito kwambiri aikidwe ku makalasi oyambirira, ngakhale kuti makalasi amenewo salemba mayeso a chigawo. Mphunzitsi wamkulu wamantha amachita zosiyana ndi zimenezi, monga momwe Mayi Nabanda afotokozera za Sitandade 8, ndipo phindu la kusinthaku silioneka chaka choyamba. Komiti ya makolo ikalemba m'ndondomeko kuti yavomereza kudikira zaka ziwiri kapena zitatu, imamuchotsera mphunzitsi wamkuluyo gawo lina la mantha ake.

Bambo Mbewe (Indiana)

Mayi Nachisale, funso limodzi lotsiriza pa timagulu tija. Ndalama zikapanda kukwana kulemba othandizira, kodi makolo odzipereka kapena ophunzira a ku koleji angagwire ntchitoyo? Ndipo bwanji ichitike ana ataweruka kuti isasokoneze maphunziro ena?

Mayi Nachisale (Georgia)

Angathe, ndipo ku Chicago komwe othandizirawo sanali aphunzitsi amene anachita maphunziro a uphunzitsi, koma anali olembedwa kwa chaka chonse, ophunzitsidwa ndi oyang'aniridwa. Odzipereka amavuta pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kusakhazikika, chifukwa mwana wotsalira amatseguka kwa munthu amene wamuzolowera, ndipo akamaona nkhope yatsopano sabata iliyonse amabwerera m'chigoba. Choncho ngati mutenge ophunzira a ku koleji, gwirizanani ndi koleji yawo kuti aliyense akhale ndi ana omwewo, osapitirira atatu kapena anayi, katatu pasabata, kwa teremu yathunthu, ndipo azitsatira maphunziro olembedwa kale ogwirizana ndi zimene mphunzitsi wa kalasi akuphunzitsa. Za kuchita ana ataweruka ndikukuletsani. Ana amene mukuwafuna kwambiri ndi omwe amathamangira basi, amakalera azing'ono awo kapena sanabwere n'komwe tsikulo, ndipo mudzapeza kuti m'chipindamo mwadzaza ana a makolo a m'komiti. Iikeni m'mawa pa ndandanda ya sukulu, ndipo pemphani kuti mwana aliyense ayezedwe mwachidule pakatha masabata asanu ndi limodzi kuti amene wafika atuluke m'kagulu n'kupereka malo kwa wina.